Kudzutsa Kompyuta Yakale ya Pakhomo: Kuchokera M'katoni Kufika pa READY

Anthu amene anakula ndi ZX Spectrum amakumbukira phokoso. Kaseti ikayamba kulowa, pankamveka mluzu wautali, m'mbali mwa sikirini mukuthamanga mizere yofiira ndi yabuluu wowala, kenako mluzu uja n'kusanduka phokoso ngati la matalala pa malata, mizere n'kukhala yachikasu ndi yabuluu. Ife amene tinakula ndi Commodore 64 timakumbukira bata. Kaseti yathu inkalowa mwakachetechete, sikirini itangoti mbee popanda chilembo, maso onse ali pa tinambala ta pamakina a kaseti tikuzungulira pang'onopang'ono.

Kompyuta imene ndinayamba kuigwira inali ya amalume, ndipo ankandilola kukhala pampando wawo pokhapokha iwo ali pomwepo. Tsiku loyamba anayatsa, sikirini inadzaza buluu, pamwamba panalembedwa 38911 BASIC BYTES FREE, pansi pake READY, ndipo kabokosi kakang'ono kanayamba kuphethira. "Lemba dzina lako, uone," anatero. Ndinalemba ndi chala chimodzi, ndinadina RETURN, makinawo n'kuyankha kuti ?SYNTAX ERROR. Tanthauzo lake sindinalidziwe, koma mtima unagunda, poti chinthu chija chinali chitandimva ndipo chinandiyankha. Magemu ndinawakonda, inde, koma chimene ndimachilakalaka mpaka lero ndi kabokosi kophethira kaja, makina atangokhala chete kudikira kuti munthu awauze chochita.

Malangizo awa ndi a munthu amene akufuna kubwerera pamenepo, kaya makina ake akadali m'katoni pamwamba pa kabati, kaya anasowa kalekale. Ngati muli nawo, ndikupemphani chinthu chimodzi: musawayatse kaye. Makina amene apirira zaka 40 osagwiritsidwa ntchito angathe kufa m'masekondi ochepa oyamba, m'manja mwa mwini wake wowakonda. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Dziwani kaye chimene muli nacho

Tembenuzani makinawo, muwerenge kapepala ka pansi, ndipo mulembe dzina ndi nambala ya mtundu wake. Makompyuta a nthawi imeneyo sankamvana. Kaseti ya Spectrum silowa mu Commodore, ndipo adaputa ya mtundu wina ingathe kuwotcha makina a mtundu wina ngakhale pulagi yake ikukwana bwinobwino.

Amene mungakumane nawo kwambiri ndi awa. Commodore 64 inatuluka mu 1982 ku America pamtengo wa madola 595, ndipo inagulidwa mamiliyoni opitirira 12. ZX Spectrum ya Clive Sinclair inatuluka chaka chomwecho ku Britain, ndi mabatani ake 40 a labala. Ya 16K inali mapaundi 125, ya 48K mapaundi 175. Mkulu wake, ZX81 ya mu 1981, inali ndi memori ya 1K yokha. BBC Micro ya kampani ya Acorn inadzaza m'masukulu a ku Britain kuyambira kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Amstrad CPC 464 ya mu 1984 mudzaizindikira msanga chifukwa makina a kaseti ali m'thupi mwake momwemo. Pali Apple II ya mu 1977, Amiga 500 ya mu 1987, ndi ma PC akale a DOS amene anatsatira IBM PC ya mu 1981.

Onaninso dziko limene makinawo anapangidwira. A ku America amafuna magetsi a 120V ndi TV ya NTSC, pamene a ku Ulaya amafuna 220V mpaka 240V ndi TV ya PAL. Adaputa ya 120V mukaiika pa soketi ya 240V, nkhani yathera pomwepo.

Tsegulani, muyang'ane, mununkhize

Masulani masikuluu, muwaike m'kambale kuti asasowe, ndipo chivundikiro muchinyamule pang'onopang'ono chifukwa kiyibodi imalumikizidwa ku bolodi ndi chingwe chachifupi. Pa Spectrum samalani kwambiri. Kiyibodi yake ili ndi timalilime tiwiri ta pulasitiki yopyapyala, ndipo ndi ukalamba timauma n'kumathyoka ngati tsamba louma. Tikathyoka si maliro, popeza atsopano akupangidwabe, koma palibe chifukwa chowathyolera dala. Musanagwire bolodi, gwirani kaye chitsulo chachikulu kuti magetsi a m'thupi mwanu achoke, ndipo jambulani mkatimo ndi foni kuti pobwezera musasokoneze mawaya.

Choyamba kufufuza ndi batire. Commodore 64 ndi Spectrum zilibe, koma Amiga 500 Plus, Amiga 2000, kakhadi kowonjezera memori ka pansi pa Amiga 500, ndi ma PC ambiri a 386 ndi 486 ali ndi kabatire kooneka ngati kamgolo, kowotchereredwa pa bolodi kuti kazisunga nthawi. Kameneka ndiye mdani wamkulu. Kakakalamba kamadontha, ndipo madzi ake amadya tinjira ta kopa mwakachetechete, zaka ndi zaka. Mukaona ufa woyera kapena wobiriwira m'mbali mwake, ndiye kuti kayamba kale. Kaduleni ndi pulaya lero lomwe, ngakhale mutaganiza zoyatsa makinawo chaka chamawa. Madzi amenewa si asidi, ndi a mtundu wa soda, choncho pakani viniga woyera pang'ono ndi mswachi wakale pamalo odyekawo, kenako tsukani ndi isopropyl alcohol, musiye paume tsiku lathunthu.

Chachiwiri ndi ma capacitor, timigolo tija taimirira pa bolodi. Kalikonse kofufuma pamwamba kapena konyowa pansi n'kofunika kusintha. M'mabokosi a magetsi a BBC Micro ndi Apple II muli ma capacitor ena a makona anayi, achikasu moonekera mkati, odziwika ndi dzina lakuti RIFA. Khungu lawo limang'aluka, chinyezi chimalowa, ndipo tsiku lina amaphulika ndi utsi wochuluka wonunkha moipa umene umakhala m'nyumba masiku angapo. Ngati simunazolowere kuwotcherera, ntchito imeneyi mupatseni wokonza mawailesi. Bokosi la magetsi si malo ophunzirira.

Fumbi lichotseni ndi burashi yofewa. Pulasitiki ya kunja ikakhala itasanduka yachikasu, ine ndimati isiyeni choncho. Mankhwala oyeretsera alipo, koma angathe kusiya mawanga, ndipo chikasucho nthawi zambiri chimabweranso.

Magetsi: apa ndiye pofera makina

Pezani mita yoyezera magetsi, multimeter, ngakhale yobwereka. Popanda imeneyi musapitirire.

Adaputa ya Commodore 64, chinjerwa cholemera chija, imatulutsa magetsi amitundu iwiri: 5V DC ndi 9V AC. Vuto lake n'lodziwika kwa onse okonza makinawa. Zambiri mwa zimenezi zinathiridwa utomoni wouma mkati, kotero kutentha sikutuluka bwino ndipo sizitheka kukonza. Kachipangizo kosunga magetsi pa 5V kakatopa, sikazima ayi, kamangolola magetsi kukwera, ndipo ma chip a memori amapsa. Yezani adaputayo isanalumikizidwe ku kompyuta, mutaona kaye chithunzi chosonyeza ntchito ya phini iliyonse ya pulagi yake, ndipo musalole timisonga ta mita kugunditsa maphini awiri. Ikawerenga kupitirira 5.2V, ikayikireni. Koma ngakhale itawerenga bwino, musaikhulupirire kwambiri, chifukwa ina imakhala bwino ikadali yozizira n'kuyamba kukwera ikatentha. Malangizo anga enieni ndi akuti mugule adaputa yatsopano yopangidwira makinawa, kapena kachipangizo koika pakati kamene kamadula magetsi akangokwera. Chinjerwa chakalecho chisungeni ngati chikumbutso. Chip ya nyimbo ya makinawa, SID ya mawu atatu imene anaikonza Bob Yannes, inasiya kupangidwa kalekale, ndipo n'zomvetsa chisoni kuitaya chifukwa cha adaputa.

Spectrum ili ndi msampha wina. Imalandira 9V DC, koma pakati pa pulagi yake m'pamene pali negative, mosiyana ndi maadaputa ambiri a masiku ano amene pakati ndi positive. Pulagi imalowa bwinobwino, munthu n'kuganiza kuti wapeza yoyenera, ndipo makina amawonongeka nthawi yomweyo. Yang'anani kachithunzi ka pa adaputa, kenako tsimikizani ndi mita. Adaputa yake yeniyeni ikamawerenga kupitirira 9V isanalumikizidwe musadabwe, ndi mmene inapangidwira. M'kati mwa kompyuta muli kachipangizo kotsitsa kufika pa 5V.

Lamulo lina la makina onsewa: musalowetse kapena kuzula chilichonse kumbuyo kwake magetsi ali oyaka. Katiriji, chingwe cha disiki, kabokosi ka joystick ka Spectrum, zonse zimalowa makina atazima. Spectrum ilibe n'komwe swichi, ndiye kuzimitsa kwake n'kuzula ku khoma.

Chithunzi

Kale tinkalumikiza ku dzenje la mlongoti la TV n'kumapotokola kufunafuna tchanelo, 36 pa makina a ku Britain, 3 kapena 4 pa a ku America. TV zina zatsopano sizigwiranso mafunde a mtundu umenewo, ndipo zimene zimagwira zimaonetsa chithunzi cha mchenga. Njira yabwino ndi chingwe cha composite, cha pulagi yachikasu chija. Commodore 64 ili ndi dzenje lozungulira kumbuyo lotulutsa chithunzi ndi mawu. Werengani maphini ake musanagule chingwe, chifukwa oyambirira anali ndi 5 pamene otsatira ali ndi 8. Spectrum ya 48K imafuna kasinthidwe kakang'ono mkati kuti dzenje lake la mlongoti lizitulutsa composite, ndipo wodziwa kuwotcherera amamaliza msanga.

TV yatsopano ikakana kuonetsa kanthu kapena ikamagwedeza chithunzi, musafulumire kunena kuti kompyuta yafa, yesani ina. Mukapeza TV yakale ya chimimba, imeneyo ndiyo imaonetsa mmene munkaonera, mitundu yofewa, zilembo zosakanda m'maso. Koma musaitsegule kumbuyo. Mkati mwake mumakhala magetsi opitirira 10,000V, ndipo ena amatsalira ngakhale itazimitsidwa.

Kuyatsa koyamba

Zulani zonse, mutsale ndi kompyuta, adaputa ndi TV basi. Yatsani TV kaye, kenako kompyuta, dzanja lili pafupi ndi pulagi, mphuno ili tcheru. Fungo la kupserera likangomveka, zulani.

Zikayenda, Commodore 64 ionetsa buluu uja ndi READY pakangopita masekondi awiri kapena atatu. Spectrum ionetsa sikirini yoyera, pansi pake palembedwa 1982 Sinclair Research Ltd. Khalani kaye pamenepo, muyang'ane. Palibe chothamangira.

Zikakana, chithunzicho chimanena zambiri. Sikirini yakuda bii pa Commodore 64 kawirikawiri imaloza ku chip yotchedwa PLA kapena ku memori. Zimitsani, mugwire ma chip a memori ndi nsonga ya chala: imene ikuwotcha kuposa anzake ndiye yokayikitsa. Nambala ikakhala yosiyana ndi 38911, memori ina yadwala. Pa Spectrum, timabokosi ta mitundumitundu tophethira kapena mizere yoimirira nthawi zambiri zimatanthauza ma chip a memori a 4116, amene amafuna magetsi atatu, 5V, 12V ndi -5V, ndipo amafa msanga amodzi akasowa. Mukaona zimenezi musasiye makina akuyaka n'chiyembekezo choti achira okha, mukungowonjezera matenda. Magulu a pa intaneti a okonda makinawa ali ndi zithunzi za matenda pafupifupi onse, ndipo mukawatumizira chithunzi cha sikirini yanu amathandiza ndi mtima wonse.

Makaseti ndi madisiki: pulumutsani musanasangalale

Pano ndilankhule mwachifatse, chifukwa ndinaphunzira ndi misozi. Ndinali ndi kaseti imodzi imene munali timapulogalamu tanga toyamba, pachikuto nditalemba ndi dzanja la ubwana mayina ndi manambala oyambira. Nditaipeza patapita zaka zambiri, ndinaiponya m'makina a kaseti amene sindinawayang'ane n'komwe mkati. Kagudumu ka labala kokoka tepi kanali katasanduka phula. Ndinangomva kuti khwee, ndipo potsegula ndinapeza tepi itadzikulunga pakagudumupo, yopindikapindika. Ndinaibweza ndi pensulo usiku wonse, koma chigawo chija sichinawerengekenso. Gemu yogula mungaipezenso, popeza anthu anasunga pafupifupi onse. Zimene munalemba nokha zilibe kwina.

Ndiye chitani motere. Yambani ndi makina a kaseti, osati kaseti. Nyowetsani kathonje ka pa kamtengo ndi isopropyl alcohol, mupukute hedi yowerenga, kachitsulo kozungulira ndi kagudumu ka labala mpaka thonje lisiye kuda. Kagudumu kakamamata kapena lamba wa mkati akakhala wotayirira, musinthe. Yesani ndi kaseti ya nyimbo imene simungaidandaule. Kenako tengani kaseti yanu, muthyole timano tiwiri ta pamwamba pake kuti isajambulike mwangozi, muone ngati kathonje ka kumbuyo kwa tepi kakadalipo, ndipo muizungulitse mpaka kumapeto n'kuibwezanso kamodzi kuti tepi imasuke.

Kuimba koyamba kukhale kojambula. Lumikizani wailesi ya kaseti ku kompyuta yatsopano, mutsegule pulogalamu yaulere ya Audacity, musankhe mono, 44,100 Hz, ndipo musunge ngati fayilo ya WAV. Musasunge ngati MP3, chifukwa imataya tizigawo ta mawu timene khutu silisamala nato koma kompyuta imatifuna. Voliyumu ikhale yokwera ndithu koma mafunde asagunde denga, ndipo Dolby ndi zokometsera mawu zonse muzizimitse. Jambulani mbali yonse osaimitsa. Mukatero mwapulumutsa, zotsalazo mungachite mwakufuna kwanu: Audiotap imasandutsa WAV kukhala fayilo ya TAP ya Commodore, ndipo pa Spectrum pali mapulogalamu osandutsa kukhala TZX kapena TAP.

Tsopano mungalowetse m'makina enieni. Pa Commodore 64 gwirani SHIFT ndi RUN/STOP, muone mawu aja akuti PRESS PLAY ON TAPE. Imachedwa, ndipo chimodzi mwa zifukwa zake n'chakuti makinawa amalemba chilichonse kawiri pa tepi kuti mbali ina ikalakwika inzake ithandize. Pa Spectrum dinani J, mawu akuti LOAD atuluka okha, kenako SYMBOL SHIFT ndi P kawiri, ENTER, n'kuimba kaseti. Gemu yodzaza 48K imatenga mphindi pafupifupi 5. Ikafika kumapeto n'kulemba R Tape loading error, sinthani voliyumu pang'ono, muyambirenso. Ikakanabe, pafupi ndi hedi pali kasikuluu kakang'ono kowongolera kapendekeke kake. Kapotozeni pang'onong'ono mukumvetsera, muime pamene mawu akuthwa kwambiri.

Madisiki nawo ali ndi zawo. Yang'anani pakawindo kake mukuzungulitsa ndi zala: madontho oyera ndi chuku, ndipo disiki yotere ikalowa imadetsa hedi n'kukanda madisiki ena otsatira. Disiki yaikulu ya mainchi 5.25 imatetezeka mukamata kapepala pakampata ka m'mbali, pamene yaing'ono ya 3.5 imatetezeka mukatsegula kabowo ka pakona. Makina a disiki a USB ogulitsidwa masiku ano amawerenga madisiki a PC a 720K ndi 1.44MB okha, a Amiga a 880K ndi a Commodore sawamva, ndipo kompyuta ikakufunsani ngati mukufuna kuchita format, imene imafufuta zonse za pa disiki, kanani. Pa a Amiga ndi a Commodore pamafunika kachipangizo ngati Greaseweazle, kamene kamajambula maginito enieni a pa disiki. Ngati 1541 yanu, makina a disiki a Commodore, ikugwirabe ntchito, lembani LOAD"$",8 kenako LIST, muone mayina a mafayilo amene munawaiwala. Mukamaliza kukopera, zakalezo zipume. Tsiku ndi tsiku gwiritsani ntchito SD2IEC pa Commodore kapena DivMMC pa Spectrum, zimene zimawerenga kuchokera pa khadi la SD.

Ngati makina mulibe

Musadandaule, khomo lina lilipo. Emulator ndi pulogalamu imene imachititsa kompyuta yanu ya lero kudziyesa kompyuta yakale. VICE ndi ya Commodore, Fuse ndi ya Spectrum, BeebEm ndi ya BBC Micro, DOSBox ndi ya mapulogalamu a DOS, ndipo zonsezi n'zaulere. Ya Amiga, WinUAE kapena FS-UAE, imafuna fayilo ya Kickstart, pulogalamu yodzutsira makinawo, imene mpaka pano ili ndi eni ake ndipo imagulitsidwa mwalamulo. Pa Internet Archive palinso mapulogalamu akale ochuluka amene amayenda mu browser momwemo popanda kuika kanthu.

Ikani, mutsegule, mudzaze sikirini yonse, ndipo foni muiike chafufumimba patali. Kiyibodi idzakusokonezani poyamba, chifukwa pa Commodore chizindikiro cha " chili pa SHIFT ndi 2, ndipo RUN/STOP nthawi zambiri imaikidwa pa Esc. Emulator ya makina ogwiritsa ntchito makaseti imakhala ndi njira yolowetsera kaseti m'kuphethira kwa diso. Ulendo woyamba musaigwiritse ntchito. Lolani kaseti itenge mphindi zake zonse, mizere ithamange, chithunzi chituluke mzere ndi mzere, chifukwa kudikira kuja kunali mbali ya chisangalalocho.

Tsopano lembani kanthu

Apa m'pamene ulendo wonsewu unkalowera. Chinenero cha BASIC anachiyambitsa John Kemeny ndi Thomas Kurtz pa Dartmouth College mu 1964, n'cholinga choti ophunzira amene si akatswiri a masamu azitha kulankhula ndi kompyuta, ndipo makina a pakhomo ambiri ankadzuka ali kale mu BASIC. Zitsanzo izi ndi za Commodore 64. Lembani mzere uliwonse n'kudina RETURN:

10 PRINT "DZINA LANU NDANI";
20 INPUT D$
30 PRINT "MONI ";D$;" ";
40 GOTO 30

Lembani RUN, muyankhe funsolo, muone dzina lanu likusefukira pa sikirini. Imitsani ndi RUN/STOP. LIST ikuonetsani zimene mwalemba, ndipo mukafuna kusintha mzere, ingoulembaninso ndi nambala yomweyo. Manambala amadumpha 10, 20, 30 kuti mukaiwala kanthu mukhale ndi mpata woika mzere 15 pakati.

Kenako gwirani makinawo m'mimba mwenimweni. Lembani POKE 53280,0 ndipo m'mphepete mwa sikirini muda. POKE 53281,7 isandutsa pakati kukhala pachikasu. Mitundu ilipo 16, kuyambira 0 mpaka 15, iyeseni yonse. Sikirini ili ndi malo 1,000, mizere 25 ya zilembo 40, ndipo malo oyamba ali pa nambala 1024 ya memori. Lembani POKE 1024,1:POKE 55296,1 muone chilembo A choyera chikutulukira pakona ya kumtunda kumanzere. Simunadutse pa pulogalamu ya munthu wina aliyense. Mwaika nambala m'kabokosi ka memori, ndipo yaonekera pa galasi. Tsiku limene amalume anandionetsa zimenezi ndinagona mochedwa, ndikuwerengetsera pa pepala kuti pakati penipeni pa sikirini ndi nambala yanji. Pa Spectrum zofanana nazo ndi BORDER 2, imene imafiiritsa m'mphepete, ndi BEEP 1,0, imene imaliza mawu amodzi kwa sekondi imodzi.

Mukafuna kagemu kanukanu, lembani NEW kuti mufufute zakale, kenako izi:

5 X=RND(-TI)
10 N=INT(RND(1)*100)+1
20 INPUT "NAMBALA YANJI";G
30 IF G<N THEN PRINT "KWERANI":GOTO 20
40 IF G>N THEN PRINT "TSIKANI":GOTO 20
50 PRINT "MWALASA!"

Mzere 5 uli ndi ntchito: popanda umenewo makina amasankha nambala yomweyomweyo nthawi iliyonse mukangowayatsa, ndiye timawauza kuti ayambire pa wotchi yawo ya mkati. Ngati pali mwana pafupi, muitaneni akhale pampando, inu muime kumbuyo. Muuzeni aonjezere mzere wowerenga kuti wayesa kangati. Akalakwitsa musamulande kiyibodi, musiyeni awerenge ?SYNTAX ERROR IN 30, afufuze yekha pamene pasowa chizindikiro. Kale mapulogalamu ataliatali ankasindikizidwa m'magazini, ndipo tinkakhala awiri, wina akuwerenga manambala mokweza chala chili pa mzere, wina akulemba, nambala imodzi ikalakwika madzulo onse n'kuthera kuifunafuna. Mukapeza mndandanda wotere, yesani njira yomweyo, mosinthana.

Zimene mwalembazi zili m'memori yokha, ndipo mukazimitsa zipita. Ikani kaseti yopanda kanthu, muizungulitse kudutsa kachigawo koyera ka kumayambiriro, mubweze tinambala pa 000, ndipo mulembe SAVE"NAMBALA". Makina akuuzani kuti PRESS RECORD & PLAY ON TAPE. Akamaliza, bwezani tepi, mulembe VERIFY, mudikire mawu akuti OK. Pachikuto lembani dzina, tsiku ndi nambala yoyambira. Zimitsani kompyuta, ndipo adaputa muizule ku khoma, chifukwa swichi ya pa kompyuta siyizimitsa iyoyo. Mawa lake bwezani tepi pa 000, mulembe LOAD, mudine PLAY, ndipo sikirini ikati mbee dikirani mpaka ilembe FOUND NAMBALA.